Katundu Wotsala Kumtsinje

Mphepo ya Agosto inali itayamba kale ntchito yake m'mapiri a ku Zóbuè. Inkatsika m'zigwa itanyamula phulusa la tchire lomwe alenje anatentha kutsidya, n'kumalimwaza pabwalo, pamphasa, ngakhale pamitu ya anthu imene inali itangometedwa m'mawa womwewo. Silvestre anapukuta mpala wake ndi chikhatho, nayang'ana chikhathocho.

Anali atakhala pachitsa pafupi ndi nkhokwe. Pakati pa bwalo anayalapo mphasa, ndipo pamphasapo panali katundu wa mkazi wake Benedita, amene anamuika m'manda sabata yapitayo: nsalu, mpango wa kutchalitchi, kolona, miphika, lichero, ndi khasu lomwe linali litatha mpaka kutsala ngati chikhatho cha mwana. Wogawa anali mlamu wake Januário, mlongo wa malemuyo, mwini mbumba. Januário anali munthu wamimba, wokonda kucheza, woti ngakhale pamaliro nthabwala zinkamupulumuka.

"Mpango ndi kolona, kwa Felicidade. Miphika ibwerere m'nyumba. Khasu ili..." Analinyamula, nalitembenuza uku ndi uku. "Khasu ili ngakhale mbewa ingaliseke. Alipo akulifuna?"

Azimayi anaseka chapansipansi. Felicidade, mwana wamkazi wa Silvestre, anatambasula dzanja, nalitenga, naliika pamiyendo.

Aliyense ankadziwa chimene chinkabwera kugawako kukatha. Silvestre anali mkamwini. Anafika m'mudzi muno ali mnyamata kuchokera cha ku Kambulatsitsi, namanga nyumba padothi la akuchikazi. Mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa: amamupatsa nkhwangwa yake ndi khasu lake pamaso pa anthu, n'kumuuza kuti wamasuka, njira ndi iyo. Zikanayenda mwa masiku onse akanadikira kumeta kwachiwiri, mvula itadutsa. Koma Constantino, mwana wake wamwamuna, amene ankagwira ntchito kunjanji ku Moatize, anali atapatsidwa lisensa, ndiye kuti tchuthi, ya masiku owerengeka, ndipo akuntchitowo sakanamupatsanso ina. Kwawo kwa Silvestre kunali kutatsala mabwinja okhaokha. Motero anapangana kuti zonse zithere limodzi, mkuluyo akwere kamiyawo, galimoto ya katundu, ndi mwana wake, akakhale ku Moatize.

Anapangana onse kupatula mwiniwakeyo. Palibe anamufunsa, poti kufunsa Silvestre kunali ngati kufunsa mwala.

Constantino anadzanjuta pambali pake. "Ababa, musade nkhawa. Chipinda chilipo. Ndiponso mtsinje wa Revubwe uli pafupi pomwepo. Nsomba zake si timatemba tanu takuno iti. Mukawedza milamba yonga mwendo wangawu."

"Ndinauona," anatero Silvestre. "Madzi ake ngofunda."

Anali atapitako kamodzi, chaka chimene komboyo, sitima ya pamtunda, inayamba kudzanyamula malasha. Chimene anabwerako nacho chinali fumbi lakuda m'mano ndi thukuta losauma. Anthu akumeneko anali abwino, koma mphepo yake inali yongokhala pansi, yosadzuka.

Januário anakutumula mphasa, natsokomola. Nthabwala zinamuthera tsopano, chifukwa awiriwa anali atamwera chipanda chimodzi zaka zambiri.

"Katundu watha. Tsono alamu, inu mukudziwa kuti ife tilibe nanu chifukwa. Mwatisungira mlongo wathu bwino mpaka tsiku lomaliza. Koma mwambo siuona nkhope, ndipo anthu ali ndi maso..."

"Sanathe," anatero Silvestre.

"Mwati bwanji, alamu?"

"Katundu sanathe. Wina ali kumtsinje."

Kenaka azimayi anayamba kunong'onezana. Ena ankati pali mikanda yakale yokwiriridwa mumphika, ena ankati chisoni chamuzunguza mutu. Mudzi wonse unkadziwa kuti Lamlungu lililonse, Misa ikatha, Silvestre ndi Benedita ankakwera kutsata mtsinje wa Nsambadzi, ati kukawedza, n'kubwerako dzuwa litapendeka ndi tinsomba tosakhutitsa ndi mphaka yemwe. Imeneyi inali nthabwala yakale ya m'mudzimo.

"Katundu wotani?" anafunsa Januário. "Bwanji osakamutenga?"

"Sanyamulika."

Januário anakanda mpala wake. "Ndiye mwatigwira. Munthu sasudzulidwa katundu wa malemu asanagawidwe yense. Mawa mutitsogolere."

M'mawa mwake ananyamuka mame asanaume, anthu anayi. Silvestre anali patsogolo ndi thumba la mbatata. Pochoka anauza Felicidade mawu awiri okha, "Tenga khasu," ndipo iye anatenga lija la amayi ake. Constantino anavala nsapato zake za kuntchito. Januário ankabwera pambuyo, akupuma ngati mvukuto.

Njira inadutsa m'madimba, inasiya minda yomaliza, n'kuyamba kukwera pakati pa miyala ndi mitengo ya masuku. Kumanzere mtsinje unkamveka koma sunkaoneka.

"Alamu!" anakuwa Januário. "Ngati mukufuna maliro achiwiri ingonenani. Kumeta mwandimeta kale, kwangotsala kukumba."

"Patsala pang'ono," anatero Silvestre osacheuka.

"Pang'ono pa mbuzi kapena pa munthu?"

Pamene njira inkawoloka kakhwawa, Silvestre anaima. Panali mtengo wa mandimu, wamkulu, nthambi zake zitalemera mpaka kukhudza pansi. Kuzungulira tsinde lake kunkaoneka kuti munthu ankapalira, koma udzu unali utayamba kubwerera.

"Woyamba uyu," anatero.

"Ndimu?" Januário anakhala pamwala, napukuta thukuta. "Mwandikweza phiri chifukwa cha ndimu?"

"Mlongo wanu anadzala ali ndi pakati pa uyu." Analoza Constantino ndi chibwano. "Ankafuna zowawasa. Atayamwa, nthanga anakwirira apa."

Constantino anayang'ana mtengowo kuyambira pansi mpaka kunsonga. Anathyola ndimu limodzi, nalinunkhiza, osalisenda.

Kuchokera pamenepo katundu anachuluka. M'kachigwa kachinyontho munali nthochi, mkoko umodzi utayamba kuyezuka. Pamene madzi ankatuluka pansi pa thanthwe panali phata la nzimbe. Kutsogolo kunali magwafa, kenaka mango atatu akugwetsa maluwa, njuchi zili ng'oo. Atakwera chitunda chomwe chinamuliritsa Januário maina a oyera mtima onse amene ankawadziwa, anatulukira pamitengo ya mapichesi itavala maluwa ofiirira, yopanda tsamba ndi limodzi lomwe, pakati pa tchire louma.

"Mayo ine," anatero Felicidade, nagwira pakamwa.

"Pomwe watopa, ankadzala," anatero Silvestre.

"Ndiye ankatopa pafupipafupi," anatero Januário. "Magazi amodzi ndi ine."

Felicidade anaseka, misozi ili m'maso. "Ndikamachapa nsalu za amayi ndinkapeza mfundo pangodya, muli nthanga. Ine ndinkayesa ndi mankhwala, osafunsa."

"Nanga zipatso zonsezi amadya ndani?" anafunsa Constantino. "Kunyumba sitinazionepo zochuluka chonchi."

"Odutsa."

Januário anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu ngakhale kuti kunalibe wina womva kupatula njuchi. Njirayi inkadziwika, ngakhale kuti sinkatchulidwa. Inali ya anthu olowera ku Nyasalande amene sankafuna kuonana ndi asipayi, apolisi a pamsewu. Pansi pa mtengo wina panali makoko a nzimbe otafunidwa posachedwa, ndi mapazi a mwana.

Silvestre anatenga khasu lija m'manja mwa Felicidade, nayamba kupalira kuzungulira pichesi wina. Nthaka yake inali ya miyala, ndipo khasu linkalira nthawi iliyonse likagunda. Januário anamvetsera kulirako kanthawi.

"Kodi khasu lija linathera kuno," anatero, osaseka.

Silvestre anaweramuka, naloza kutsidya kwa chigwa kumene utsi unkakwera mopendekera. "Chaka chino sitinapalire. Anadwala. Moto ukafika, zonse zipsa."

Anapalira mtengo umodziwo, nabweza khasu kwa mwana wake, napitiriza ulendo.

Dziwe analipeza dzuwa lili pamutu. Madzi ankagwa kuchokera pamathithi aafupi, n'kudzapuma m'beseni la mwala, oyera moti mchenga wapansi unkaoneka ndi mithunzi ya tinsomba ikuyenda pamwamba pake. Mbali imodzi kunali mkuyu wopereka mthunzi. Mbali ina thanthwe lalikulu linatulukira kunja ngati khonde, ndipo munthu akaima pamenepo dziko lonse linkagona pansi pake: mapiri kutsatana, ena obiriwira, ena otuwa, mpaka kumene ankasungunukira m'nthunzi za kuchigwa.

Januário anafika, naona, natsegula pakamwa. Anakakhala m'mphepete mwa dziwe, naviika mapazi, nabuula ngati ng'ombe.

Silvestre anagwada pansi pa thanthwe, napisa mkono mumng'alu, natulutsa nsungwi ziwiri zokulungidwa zingwe za khonje. Ina anaitsamiritsa pamkuyu. Inayo anaimasula, nagwira chiwala mu udzu, nachibaya pambedza, napereka kwa Constantino.

"Vula nsapato."

"Ababa, ine ndinaiwala zimenezi."

"Mthunzi wako usagwere m'madzi."

Constantino anavula, napinda buluku, nayenda monyang'ama pamiyala. Ulendo woyamba mbedza inakola nthambi ya mkuyu. Wachiwiri chiwala chinadyedwa iye akuyang'ana kumbali.

"Awa ndiwo a milamba yonga mwendo aja?" anatero Januário. "Alamu, ku Moatize mukanakafa ndi nkhuli."

"Amalume, khalani chete, mukuthawitsa nsomba!"

"Zikuthawa nkhope yako, osati mawu anga."

Ulendo wachitatu chingwe chinagwedezeka, ndipo Constantino anakoka. Kansomba kanawala m'mwamba, kakuphiriphitha. Munthu wamkulu uja, wa ndevu zake, wogwira ntchito kunjanji, anakuwa mpaka mapiri anamuyankha. Silvestre anawerama n'kumasonkha moto, kuti asaonetse mano.

Anawotcha mbatata ndi matemba pamakala. Felicidade anafinyira ndimu pansombazo, nawaza mchere umene anabwera nawo m'kansalu. Anadya ndi zala zotentha, akupemerera, ndipo Januário ananena kuti kuyambira tsiku la maliro ichi chinali chakudya choyamba kumutsikira bwino kukhosi.

Atasamba m'manja, Felicidade anatenga nsungwi ija inali pamkuyu. Chogwirira chake chinali chosalala, chakuda ndi thukuta la zaka. Anadziwa mwini wake osauzidwa. Anamasula chingwe pang'onopang'ono mpaka kumapeto, naima.

"Ababa, mbedza ya amayi inaduka. Kwangotsala kamwala."

"Siinaduke."

"Nanga ili kuti?"

"Kunalibe."

Onse anamuyang'ana. Silvestre anatola kamtengo, natokosa makala. Zinkaoneka kuti mawu ankawafunafuna kutali.

"Ndinamumangira mbedza poyamba. Nsomba itakoka, anakwiya. Anati ikumusokoneza." Anatokosanso. "Ankati, mkazi akangokhala n'kumayang'ana mapiri, anthu amati ndi mlesi. Akagwira nsungwi, amati akusaka ndiwo."

Januário anayamba kugwedezeka mapewa, kenaka mimba, kenaka anaphulika. Anaseka mpaka kugona chagada pamwala, misozi ikutsikira m'makutu.

"Benedita! Mlongo wanga iwe! Zaka zonsezi mudzi ukuseka kuti sadziwa kuwedza!" Anadzuka, napukuta m'maso. "Ali kamtsikana, amayi ankamutuma kukaingitsa mbalame kumapira. Ukapita, umamupeza ali pachulu, manja kumbuyo, akuyang'ana mitambo, mbalame zikudya mpaka kumuthokoza. Anakwapulidwa, anakwapulidwa, osasintha. Ife tinkati ukwati unamuchiritsa."

"Sunamuchiritse," anatero Silvestre.

"Ndipo inu alamu munkangomusiya?"

"Ndinkawedza."

"Osayankhulana?"

"Iye ankayankhula."

Felicidade anafunsa pamene amayi ake ankakhala, ndipo Silvestre anamulozera kadzenje kosalala kumapeto kwa thanthwe, pomwe chingwe chinkatha kufika m'madzi munthu atafulatira mathithi. Felicidade anakhalapo, nayang'ana kutsogolo.

"Uku n'kuti?"

"Kale ankayang'ana uko," anatero Silvestre, naloza mapiri akumpoto. "Uyu atapita kunjanji, anatembenuka. Kukachita mbee ankati akuona utsi wa komboyo."

"Kuchokera pano sungaoneke," anatero Constantino motsitsa mawu. "N'kutali kwambiri."

"Ndinamuuza."

"Anati chiyani?"

"Anati, aPhiri, maso ndi anga."

Constantino anapita kukaima kumbuyo kwa mlongo wake. Anayang'ana nthawi yaitali kuchigwa kumene kunalibe china koma nthunzi zotuwa, ndimu lija akulitembenuza m'dzanja.

Dzuwa litayamba kupendeka, Januário anatulutsa mapazi m'madzi, nakhala mowongoka, navala nkhope ya mwini mbumba. Silvestre anaona, naika kamtengo pansi. Anali atawaonetsa zonse, ndipo analibenso china choti anene. Ngati mlamu wake akanagawa mitengoyo pomwepo, uwu wa uje, uwu wa uje, mawa lake nkhwangwa ndi khasu zikanaikidwa patsogolo pake.

"Katundu ndamuona," anayamba Januário. "Ndi wa mlongo wanga, palibe angakane, ndipo ayenera kugawidwa. Koma ine sindinagawepo mtengo uli ndi maluwa. Ndidziwa bwanji kuti pichesi uyu amabala zotani? Ndipatse Felicidade wowawasa, Constantino wotsekemera, mawa muzidzati amalume ali ndi tsankho? Ayi. Zipse kaye, ndilawe."

"Mapichesi amapsa mvula ikamayamba, amalume," anatero Felicidade.

"Eya."

"Mango pambuyo pake. Magwafa mvula ikamatha. Mandimu nthawi yozizira."

"Eya, eya."

"Ndiye kuti chaka chazungulira."

"Ndipo pofika pamenepo ndidzakhala nditaiwala kukoma kwa mapichesi, tidzayambirenso. Mutu wanga si wa mnyamata." Anatembenukira kwa Silvestre. "Tsono alamu, mutikhululukire. Ife timafuna tikumasuleni msanga, koma zakanika. Katundu wosagawa amafuna mlonda, ndipo moto uli kutsidyaku. Mwatsala omangika."

Silvestre anagwedeza mutu kamodzi movomera.

"Nanga anthu kumudzi akati chiyani?" anafunsa Constantino.

"Amene akutsutsa akwere kuno adzaone yekha katunduyo. Ndione amene ali ndi miyendo."

Constantino anabwera kudzanjuta pafupi ndi bambo ake monga anachitira dzulo lake pabwalo.

"Ine ndimaopa kuti mukhala nokha, ababa. N'chifukwa chake." Anawayang'ana kumaso. "Koma inuyo mukufuna chiyani?"

Silvestre anayang'ana mapazi a mwana wake, oyera ndi madzi, mchenga uli pakati pa zala.

"Potsika uthyole mandimu," anatero. "Ku Moatize kulibe."

Constantino anaseka, napukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndithyola. Ndipo mapichesi akapsa munditumizire mawu."

"Udzabwere wopanda nsapato."

Felicidade anazimitsa moto ndi madzi a m'manja, nasonkhanitsa makoko a mbatata. Khasu la amayi ake sanalinyamule. Analilowetsa mumng'alu muja munkakhala nsungwi. Januário anaimirira mobuula, nayamba kudandaula za maondo ake ulendo usanayambe, nafunsa ngati nthochi zija zinali m'gulu la katundu wofunika kulawa.

"Tiyeni, alamu. Kutsika ndiye kumapha."

"Tsogolani. Ndikupezani pamapichesi."

Mawu awo anatsika ndi njira, a Januário pamwamba pa onse, mpaka mathithi anawameza. Mphepo inali itachepa. Kutsidya utsi unali udakakwera, koma unali kutali, ndipo mawa kunali tsiku.

Silvestre anakulunga nsungwi yake, naibweza mumng'alu pambali pa khasu. Kenaka anatenga ya mkazi wake, nakakhala pakadzenje kosalala kaja, naponya kamwala m'madzi, n'kuyamba kuyang'ana mapiri.